Funsani Ankolo: "Phiri ndimaliona tsiku lililonse koma sindinakwereko"

Moni nonse. Mwezi uno makalata ambiri achokera konkuno ku Zomba ndipo pafupifupi onse akukamba zokaona malo, kaya n'chifukwa choti holide yayandikira ana ayamba kuvuta m'makomomu. Ndasankhapo asanu, ena ndawadulako pang'ono poti anatalika.

FUNSO: Ankolo, ine ndinabadwira konkuno, pano ndili ndi zaka 38, phiri ndimaliona tsiku lililonse ndikamayanika zovala koma sindinakwereko olo kamodzi. Mwana wanga wa sitandade 6 wabwera akuti aphunzitsi anafunsa amene anafikako ku Emperor's View pamwamba pa phirilo nde anakweza mkono ana awiri okha kalasi yonse, pano wandikakamira kuti tipite. Bambo ake akuti kumeneko n'kwa azungu ndi mabwana a magalimoto, ife tikangotayako ndalama. Ine ndimagulitsa mandasi, ndingapiteko bwanji ndipo kuli chani kwenikweni? (Mayi wa ana atatu, Chinamwali)

YANKHO: Mayi, auzeni bambo akunyumbawo mwaulemu kuti pa nkhani iyi yokha alakwitsa. Phiri la Zombali ndi nkhalango ya boma, inatetezedwa kalekale mu 1913, ndipo palibe chikwangwani choletsa wogulitsa mandasi kukwera. Chimene chimatiopsa ambirife ndi hotela ija ya Ku Chawe, timaganiza kuti ukati ndikukwera phiri nde kuti ukukagona kapena kukadya kumeneko, pomwe hotelayo ndi kadontho chabe pamwamba pa phiri lalikulu zedi. Mutha kunyamula mandasi anu omwewo, mbatata yophika, chigubu cha thobwa ndi madzi akumwa, n'kukadyera pa udzu m'mbali mwa mtsinje osagula kanthu kwa munthu.

Kakweredwe kali pawiri. Pali msewu wa tara wokhotakhota uja, pa galimoto simutha ndi theka la ola lomwe mwafika pamwamba. Palinso njira yapansi yomwe amaitcha Potato Path, dzinalo linabwera chifukwa ndi mmene anthu ankatsikira ndi mbatata ya kachewere pamutu kupita nayo kumsika, koma ndi yachitunda kwambiri, munthu wamkulu wamphamvu zake imamutengera ola ndi theka kapena awiri, nde ndi ana atatu ine sindikulimbikitsani. Komanso chonde musawapanikize anawo pa kabaza wa njinga yamoto atatuatatu ngati mmene timachitira m'tauni muno, msewu umene uja uli ndi makona oopsa ndipo mbali inayo ndi phompho. Chomwe ndaona kuti chimathandiza ndi ichi, kambiranani ndi amayi anzanu a ku banki m'khonde kapena a kumpingo, mabanja anayi kaya asanu, musonkhe muchite hayala galimoto imodzi ikakusiyeni m'mawa n'kudzakutengani madzulo, mukagawana mtengowo umapepuka. Pamwambapo, chapafupi ndi hotela, pamakhala anyamata olondolera alendo, magaidi, tengani mmodzi ndipo mugwirizane mtengo musananyamuke. Tinjira ta m'mapaini timafanana tonse, chifunga chikangotsika munthu umasokera pamalo poti unadutsa pompano.

Tsono kuli chani. Mukangofika mudzamva kaye kuzizira, olo kunsi kuno kukutentha bwanji, nde majuzi a ana musaiwale makamaka mu Juni ndi Julayi. Kenako fungo la mapaini. M'mbali mwa msewu muli anyamata ndi timbale ta masitiroberi ndi mabulosi, akamakuthamangirani musaope ndi malonda chabe, ndipo mukamakwera mudzakumana ndi amayi akutsika ndi mitolo ya nkhuni yaitali kuposa iwo eni, ndi abambo akukankha njinga zosanjikiza nkhuni mpaka kupitirira mutu, thukuta lili kamukamu m'mawa kozizira. Chapafupi pomwepo pali damu la Mulunguzi, pamenepo muwaimitse anawo muwauze kuti madzi amene amatuluka pa mpopi kunsi kuno gwero lake ndi limeneli, n'chifukwa chake sitisambamo kapena kutayamo mapepala. Mukatsata mtsinje chokwera mupeza mathithi a Mandala, kenako a Williams, amenewa ndi omwe ana amawakonda, madzi ake ozizira ngati a mu fuliji ndipo miyala yake ndi yoterera, wamng'onoyo mumugwire dzanja.

Ku Emperor's View komwe mwana wanu akufunako n'kotalikirapo, wapansi kupita ndi kubwera ndi tsiku ndithu, nde mulawire. Dzinalo linabwera chifukwa mfumu ya ku Ethiopia, Haile Selassie, inakaima pamenepo itabwera kuno mu 1965, dziko lathu litangolandira kumene ufulu, ndipo mpaka pano anzathu achirasta amapalemekeza kwambiri. Chapafupi pake pali Queen's View, pomwe anakaimapo mayi ake a Mfumukazi Elizabeth mu 1957. Anthu amenewo anachoka kutali, kuoloka nyanja, akuluakulu a boma n'kuona kuti chinthu chabwino chowaonetsa m'dziko muno ndi chimenechi, ife tili pansi pake penipeni.

Ine mayi anga ndinawatengako ali ndi zaka 70, atakhala ku Matawale zaka zambirimbiri osakwerako. Titafika sanayankhule, anangoyala chitenje pamwala n'kukhala, maso ali kunsi. Patapita kanthawi anayamba kuloza ndi chala, uko ndi ku Jali, yoyera ija ndi Chilwa, lija ndi phiri la Mpyupyu, kwathu kuli chakumeneko, ilo lalikulu lakutalilo ndi Mulanje. Kenako anayamba kutchula anthu, amene anakwatiwa uko, amene anaikidwa uko, njira imene ankayenda wapansi ndi agogo kubwera kuchipatala. Adzukulu awo anamva tsiku limenelo mbiri ya banja lathu imene ine mwana wawo ndinali ndisanaimvepo. Pobwerera anathyola kanthambi ka paini n'kukamanga pa nsonga ya chitenje, kanakhala pawindo pawo mpaka kanauma.

Dzenje la Chingwe lili mbali ina, chakumadzulo, limenelo mudzapite ulendo wina. Akuluakulu amati kale ankaponyamo adani, ena amati odwala khate, dzenjelo pakamwa pake ndi laling'ono lobisika m'mitengo koma ukaima chapafupi umaona chigwa chonse cha Shire. Nsonga yaitali kwambiri ya phiri lonseli ndi Malumbe, imapitirira mamita 2,000.

FUNSO: Ankolo ndine mnyamata wa chaka chachiwiri pa Chanco, ndili ndi chibwenzi koma thumba ndi lobooka, alawansi imathera pa lenti ku Chikanda. Ndikufuna kokacheza naye Loweruka kopanda phokoso komanso kosafuna thiransipoti. (Wophunzira, Chikanda)

YANKHO: Mphwanga, pita naye ku Botanic Garden, kuchokera kwanuko ndi wapansi, pageti umalipira kangachepe ndipo utha kukhalamo tsiku lonse. Mtsinje wa Mulunguzi womwe uja ukatsika m'phiri umadutsa m'menemo, pali timilatho, nsungwi zikuluzikulu, mithunzi yoti olo dzuwa la Okutobala silikupeza. Loweruka mumadzadza akwati ojambulitsa zithunzi, nde ngati ukufuna bata lawira, ndipo chakudya usachisiye poyera chifukwa apusi a m'menemo sachita manyazi.

Poti ndiwe wapasukulu, dziwa kuti munda umenewu si wadzana. Anauyambitsa mu 1891 ndi Alexander Whyte, katswiri wa zomera wa ku Scotland amene ankagwira ntchito pansi pa Harry Johnston, ndipo poyamba sunali wochezeramo ayi, unali woyeseramo mbewu ndi mitengo yochokera kunja kuti aone zimene zingachite bwino m'dziko muno. Mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wa fuko lathu, dzina lake la sayansi ndi Widdringtonia whytei, kutengera bambo yemweyo. Pano malowa ali m'manja mwa National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi. Mukatopa kukhala pansi, kwerani pang'ono muone hotela ya Masongola, nyumba ya mu 1886 yomwe inali ya akuluakulu a boma la atsamunda, ndi nyumba yakale ya malamulo, pajatu Zomba inali likulu mpaka 1975 ndipo aphungu anapitiriza kukumana konkuno mpaka 1994. Tsiku lina mudzapite ku chipilala cha asilikali a KAR (King's African Rifles, gulu lankhondo la nthawi ya atsamunda) chomwe chili polowa m'tauni kuchokera ku Blantyre, mukawerenge maina a agogo athu amene anafera pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, koma foni osailozetsa ku kampu ya asilikali. Ndipo mwana wa eni akewo umubweze kusanade.

FUNSO: Ankolo, ndine mphunzitsi wa pulayimale ndipo ndimayang'anira kalabu ya zachilengedwe. Ndikufuna kutenga ana 40 kupita ku Liwonde National Park koma pa msonkhano wa makolo zinavuta, ena akuopa mikango, bambo wina amene kwawo ndi kufupi ndi pakiyo anaimirira n'kunena kuti njovu zinawathera chimanga zaka zambiri nde sakuona chifukwa choti ana akaziombere m'manja. Ndinasowa choyankha. Kodi paki imeneyi anthu wamba imatipindulira chani? (Mphunzitsi, Songani)

YANKHO: Aphunzitsi, bambo amenewo musawatsutse pagulu, akunena zimene anaziona. Munthu amene wadzuka m'mawa n'kupeza munda wa chaka chonse uli mbee, mapesi okhaokha, sungamuuze za kukongola kwa njovu. Ndipo si chimanga chokha, anthu anafapo m'midzi yozungulira pakiyo, ena ndi njovu ena ndi ng'ona mu Shire. Mukayamba ndi kuvomereza zimenezo makolo adzakumverani.

Kenako muwafotokozere mmene zinthu zayendera. Pakiyo inakhazikitsidwa mu 1973, kukula kwake ndi masikweya kilomita 548, m'boma la Machinga m'mbali mwa Shire. Kwa zaka zambiri inali pa mavuto, mpanda wothyokathyoka, misampha ya waya paliponse, nyama zina zinatheratu, njovu zikutuluka mmene zafunira. Mu 2015 boma kudzera ku dipatimenti ya zanyama zakutchire linagwirizana ndi bungwe la African Parks kuti liziyendetsa pakiyo, ndipo ntchito yoyamba inali yomwe bambo aja akudandaulayo, kumanga mpanda wamagetsi kuzungulira ndi kuchepetsa njovu zomwe zinachuluka kuposa malo. Mu 2016 ndi 2017 njovu zoposa 500 za ku Liwonde ndi ku Majete anazinyamula pa malole kupita nazo ku Nkhotakota, mu 2022 zinanso 263 zinapita ku Kasungu, ngakhale kuti kumeneko nako anthu ozungulira adandaula kuti vuto lawatsatira, nde nkhani ya njovu ndi minda sinathe m'dziko muno, koma ku Liwonde zinachepa ndithu poyerekeza ndi kale. Misampha anachotsa masauzande ambirimbiri. Akakwiyo anawabweretsanso mu 2017, mikango mu 2018, zipembere 17 kuchokera ku South Africa mu 2019, mimbulu mu 2021, ndipo nyama zolusazi zitabwerera miimba nayo inabwerera yokha poti inayamba kupeza zotsala.

Phindu la anthu wamba lilipo, ntchito za ulonda wa nyama, zokonza mpanda ndi misewu, za m'malo ogona alendo, alimi a njuchi ndi a tsabola (njovu imadana ndi tsabola, nde amateteza munda uku akubweretsa ndalama), ndi ana a sukulu zozungulira amene amathandizidwa. Koma ine sindingakunamizeni kuti aliyense anapindula mofanana, mpanda womwewo umene unatsekera njovu mkati unatsekeranso kunja mayi amene ankatola nkhuni ndi msodzi amene ankaponya ukonde. N'chifukwa chake ndikufuna anawo apite, amene adzakambirane nkhani zimenezi mawa ndi iwowo, ndipo mwana amene njovu anaionapo ndi maso komanso akudziwa kulira kwa mwini munda adzaweruza bwino kuposa amene akudziwa mbali imodzi. Bambo ajawo muwapemphe apite nawo ngati kholo loperekeza, akawauze anawo mbali yawo ali pomwepo.

Za mikango, m'paki simuyenda wapansi mwachisawawa, mumakhala m'galimoto ndipo malamulo ake ndi okhwima, osatsika, osatulutsa mikono, osakuwa. Lembani kalata ku ofesi ya pakiyo nthawi ikadalipo, munene kuti ndinu sukulu ndi chiwerengero cha ana, amalandira magulu a sukulu ndipo ali ndi anthu ophunzitsa zachilengedwe, komanso a bungwe loona zachilengedwe la WESM amene amayang'anira makalabu ngati yanuyo atha kukuthandizani kalondolondo wake. Mmalawi amalipira zochepa kwambiri pageti poyerekeza ndi mlendo wakunja, akuluakulu anyamule ziphaso za unzika. Kuchoka ku Zomba ndi makilomita 50 ndi kenakake pa msewu wa M3. Nthawi yabwino ndi yachilimwe, Ogasiti mpaka Okutobala, udzu ukauma nyama zimasonkhana kumtsinje, koma kumatentha koopsa nde madzi akumwa achuluke, ndipo kuli akashembe, anawo asavale zakuda kapena zabuluu. Ndalama zikalola, kukwera boti pa Shire ndiye pachimake, mvuu zili mbuu m'madzi, ng'ona zitayasamula pamchenga, nkhwazi ikulira pamwamba pa mgwalangwa, koma muonetsetse kuti mwana aliyense wavala jekete yoyandamitsa.

FUNSO: Ankolo inu mumangolimbikitsa anthu kukwera phiri, mwaliona mmene lilili pano? Ine ndili mwana linali bii mitengo, pano mbali zina lameteka ngati mutu wa mwana wa zipere, chilimwe chilichonse usiku timangoona moto uli lawilawi. Tikaoneko chani, zitsa? (Bambo wokhumudwa, Sadzi)

YANKHO: Bambo, kukhumudwa kwanu ndi kwanganso. Ndinapita chaka china mu Novembala pamalo pomwe ndinkakonda kukhala, ndinapeza phulusa lokhalokha, timitengo tomwe anthu anabzala dzinja lapitalo titapsa tonse, tina tikadali ndi dothi la m'machubu kumizu. Ndinakhala pa chitsa osadziwa chochita.

Koma tisiyanitse zinthu. Mapaini aja anabzalidwa kuti adzadulidwe, ndi munda wa matabwa, kudula paini wokhwima si tchimo. Tchimo ndi kudula osabzalanso, kubzala osalambula njira zotchinga moto, ndi kulowa m'mitengo yachilengedwe ya m'mphepete mwa mitsinje kukaotcha makala, chifukwa imeneyo ndi imene imagwira dothi ndi kusunga madzi. Mulunguzi, Likangala, Domasi, yonseyi imachokera m'phiri lomweli, nde phiri likameteka dothi limakokolokera m'damu, mipopi imauma chilimwe, dzinja madzi amatsika nthawi imodzi ndi miyala yomwe. Agogo athu anaziona mu Disembala 1946 pomwe Napolo anatsika m'phirimu n'kukokolola milatho ndi mudzi ku Ntiya, anthu n'kufa, ndipo ife tinaona zimene namondwe Freddy anachita m'mapiri a kum'mwera kuno mu Malichi 2023. Motowo nawo suyamba wokha, wina akusaka mbewa, wina akufuna msipu, wina wangokwiya ndi alonda.

Nde chifukwa chimene ndimatumizira anthu kumeneko n'chomwecho. Munthu amene sanaonepo damu lija saona kugwirizana kwa thumba la makala ndi mpopi wake. Komanso mnyamata amene wapeza ya ndiwo polondolera alendo kapena kugulitsa masitiroberi, mawa moto ukabuka ndi amene amayamba kuthamanga ndi nthambi kukazimitsa, poti ukupsawo ndi munda wake. Inu a ku Sadzi ndinu mboni, kaphiri kanuko kanafika poyera, anthu atagwirizana kuleka kudula ndi kutentha mitengo inaphukanso pa zitsa zomwezo. Nyengo yobzala mitengo imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, koma ngati mukufuna kuthandiza zenizeni funsani amfumu kapena a zankhalango za gulu lolambula ndi kuzimitsa moto, pakuti obzala amachuluka pa tsiku la mwambo, osowa ndi a mu Seputembala nthawi ya moto.

FUNSO: Ankolo ndakwatiwa kuno kuchokera ku Nkhata Bay, ndasowa nyanja. Akuti kuno kuli Chilwa, kodi n'kosambika? (Mtengwa, Mpondabwino)

YANKHO: Takulandirani mayi, koma zosamba ayi, muiwale. Chilwa si ngati nyanja yakwanu ya madzi oyera ndi mchenga, iyi ndi yosaya, yamatope, yozunguliridwa ndi mabango ndi njedza, ilibe mtsinje wotulutsa madzi nde madzi ake ndi amcherechere, likodzo liliko ndipo kolera amabukako kawirikawiri, choncho madzi akumwa munyamule kunyumba. Mvula ikavuta zaka zotsatizana imaphwa, inaphwa mu 1968, mu 1995, ndipo mu 2018 anthu anayenda wapansi pomwe pankadutsa mabwato, kenako mvula ikabwera imadzadzanso nsomba n'kubwerera.

Koma kupita pitani, muli ndi chokaona. Kwerani galimoto za ku Kachulu, pamenepo ndiye padoko, mukapeza mabwato opita pa chilumba cha Chisi komwe kumakhala anthu ndi midzi yawo. Mbalame za m'madzi zilipo zosawerengeka, zina zimachokera kutali kunja kwa Africa nyengo yake ikafika, n'chifukwa chake mu 1997 nyanjayi inalowa m'gulu la madambo otetezedwa pa dziko lonse pansi pa pangano la Ramsar, yoyamba m'Malawi muno. Mukafunse akuonetseni zimbowera, tinyumba ta asodzi tomangidwa pa udzu woyandama, momwe amagonamo masabata osaponda kumtunda, kwanu kulibe zimenezo. Mupite ndi apongozi anu aakazi kapena alamu anu amene akudziwa Chiyao ndi mitengo ya pamenepo, mulawire kuti muoloke ndi kubwerera mphepo ya masana isanayambe, boti likadzadza kwambiri dikirani lina, ndipo munyamule kabeseni poti matemba ndi makumba a pa Kachulu simungawasiye.